Mlandu wa a Mzere

M'mawa uliwonse, asanayatse makina ochapira, a Namakiyi ankayamba apita kutebulo lakumapeto, la pafupi ndi zenera. Botolo lowazira madzi ankaliika pakona yakumanja, kansalu konyowa pambali pake, mahang'ala onse atayang'ana mbali imodzi. Kanthu kakasuntha ngakhale pang'ono, ankakabwezera pamalo pake. Anachita zimenezi miyezi isanu ndi itatu, ndipo palibe amene anawafunsa chifukwa chake.

Tebulolo linali la a Mzere, mkulu wosita zovala. Dzinalo analitengera ku mzere umene ankausiya pathalauzi, wakuthwa moti anzawo ankati ungadulire tomato.

A Namakiyi anafika pamalo ochapira zovalawa ali kamtsikana, ntchito yawo ili yolemba timapepala ta makasitomala. A Mzere ndi amene anawaphunzitsa kudziwa nsalu ndi zala, ndi kumva kutentha kwa simbi poiyandikiza patsaya. Anakwatiwa ali pomwepo, anabereka ana awiri ali pomwepo, ndipo tsiku limene anaika maliro a amuna awo anavala bulauzi yosita a Mzere. Abwana akale atamwalira, mwana wawo anatenga bizinesi, n'kuwapatsa mayiwa ukapitawo ndi mpukutu wa makiyi. Dzina lawo linachokera pamenepo.

Abwana aang'onowo ankaopa milandu kuposa njoka. Anatumiza a Namakiyi kumaphunziro a masiku atatu a malamulo a ntchito, ndipo anabwerako ndi kope lodzaza. Munthu sachotsedwa ntchito chifukwa bwana wadzuka ndi mkwiyo. Pakhale chifukwa, chilembedwe, mwini wake apatsidwe mpata wodziyankhira ali ndi mnzake pambali. Panali mawu ena amene anawadula mzere kawiri kunsi kwake: kudwala si mlandu. Wodwala amatumizidwa kuchipatala, ndipo ngati n'kotheka amamupezera ntchito ina imene angathe.

Mawu amenewa ndi amene anayamba kuwasowetsa mtendere, chifukwa iwo anali ataona zimene ena sanaone. A Mzere anali atasiya kuwerenga timapepala ta m'kolala. Ankapapasa pofuna botolo. Munthu akalowa, ankadikira kuti ayankhule kaye asanamupatse moni.

Choyamba kupsa linali shati la mphunzitsi wina. Chachiwiri jekete. Maulendo onse awiri abwana analamula kalata yochenjeza, a Namakiyi n'kulemba, a Mzere n'kusayina osatsutsa. Chachitatu linali diresi la ukwati, la nsalu za masiku ano zonamiza zala. Kapepala kake kanali kataletsa simbi yotentha. Linasungunuka pachifuwa penipeni, ukwati utatsala masiku awiri, ndipo amake a mkwatibwi anabuma pakauntala mpaka anthu a m'sitolo zoyandikana anatuluka.

Madzulo ake a Namakiyi anawapeza mkuluyo m'chipinda chosungira sopo.

"Malume, maso anu ali bwino?"

"Maso anga? Amaona nsabwe pakolala munthu ali kutsidya kwa msewu."

"Mukangopita kuchipatala, dokotala n'kulemba kakalata, nkhani yonseyi isintha. Mukhoza kumapinda zovala, kapena kuyang'anira owumitsa. Ntchito siitha."

"Kupinda ndi ntchito ya ana, amayi. Ine ndine wosita."

A Namakiyi anapita kwa abwana, n'kuwauza zimene ankaganiza. Abwanawo anatambasula manja.

"Kalata ya dokotala ili kuti? Si inu nomwe mumatiphunzitsa kuti chosalembedwa kulibe? Mwini wake akuti akuona. Ndimukakamize kukhala wakhungu? Itanitsani mlanduwo, tichite mwadongosolo."

Mlandu unakhala Lachinayi, m'kaofesi ka mipando inayi ndi fani yolira ngati chigayo. A Mzere anabwera atavala malaya awo oyera a ntchito. Pa mnzawo wokhala naye pambali, iwo anasankha Mai a Thovu, wochapa wa pakamwa posatseka, amene tsiku limenelo analowa akunena kuti, "Zikomo abwana, lero ndakhalako pampando wa wofuwofu, ndikafa ndikasimba." Palibe anaseka.

A Namakiyi anawerenga mlandu. Shati, jekete, diresi, ndi masiku ake. Anafunsa ngati a Mzere akuvomereza kuti zinachitika.

"Zinachitika."

Kenako anafika pa funso limene analikonzekera sabata yonse. Wotsogolera mlandu saloledwa kumuikira munthu mawu m'kamwa, koma kufunsa amaloledwa.

"Kodi pali china chilichonse, kunyumba kapena m'thupi mwanu, chimene chikukulepheretsani kugwira ntchito ngati kale?"

"Palibe, amayi. Ndinangotayirira."

"Ndifunsenso. M'thupi mwanu, Malume. Chilichonse."

Mai a Thovu anadzuka theka. "Aa, Malume, tawauzani anthuwa! Dzana munandipatsa moni kawiri, kachiwiriko mukupatsa chitsulo chopachikapo majekete!"

"Iwe, ndakuitana kudzakhala, osati kudzalalata. Khala pansi." A Mzere anatembenukira kumene kunkachokera mawu a abwana. "Ndagwira ntchito kwa bambo anu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Sindinanamizirepo matenda. Ndalakwa, ndipo wolakwa salimbana ndi mwini munda."

A Namakiyi analemba mawuwo momwe ananenedwera, chifukwa ndiyo inali ntchito yawo. Cholembera chinkawalemera ngati musi. Atawapatsa pepala kuti asayine, a Mzere analiyandikiza kumaso, n'kuliika patebulo, n'kusayina pakati pa ndime, pamwamba pa mawu olembedwa kale. Mai a Thovu anagwira pakamwa. Abwana anali akuyang'ana foni.

Kalata yowachotsa inatuluka masana omwewo. Zonse zinali m'malo mwake: chifukwa, machenjezo awiri, tsiku la mlandu, dzina la mboni. Aphunzitsi a kumaphunziro kuja akanaiona akanaichonga. Ndime yomaliza inkati, malinga ndi malamulo a pakampanipo, wochotsedwa ali ndi masiku asanu ochita apilo ngati ali ndi umboni watsopano. A Mzere anaipinda kanayi osaiwerenga, n'kuiika m'thumba la pachifuwa.

A Namakiyi anawaperekeza mpaka pakhomo lakumbuyo, pamene pamatulukira nthunzi ya makina.

"Bwanji simunanene, Malume? Mawu awiri okha."

Mkuluyo anaika dzanja pamphuthu ya chitseko.

"Wotayirira amakapeza ntchito kwina, mwana wanga. Wakhungu amakapeza ndodo."

Anatsika masitepe atatu aja akuwerenga ndi phazi, n'kumapita m'mbali mwa khoma.

M'mawa mwake a Namakiyi anangotsekula, n'kusiyira Mai a Thovu makina, n'kukwera basi yopita kumene a Mzere ankachita lendi. Anapeza akazi awo akusesa pakhonde.

"Ii, akapitawo! Mwasemphana nawo, anyamuka nthawi yawo yomwe ija, ndi kambale kawo ka chakudya. Kwagwanji?"

A Namakiyi anayang'ana tsache, n'kuyang'ana nkhope ya mayiyo.

"Palibe, amayi. Ndimangodutsa, ndinati ndikuoneni."

A Mzere anawapeza pobwerera, pamalo odikirira basi, misewu iwiri kuchokera kuntchito. Anali atakhala kumapeto kwa benchi, malaya oyera ali osita bwinobwino, kambale kali pamiyendo. Mabasi ankaima n'kumapita, makondakitala akuwakuwira, iwo osasuntha. A Namakiyi anakhala pambali pawo. A Mzere ananunkhiza mpweya.

"Sopo wathu ameneyo. Mwasiya ntchito ndi ndani?"

"Ndi Mai a Thovu."

"Ndiye lero makasitomala amva nkhani za m'tauni muno zonse."

"Ndachokera kwanu. Sindinanene kanthu."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Basi ina inaima, inatsitsa anthu, inapita.

"Kalata ija ili ndi ndime yakumapeto," anatero a Namakiyi. "Masiku atsala anayi. Chipatala cha maso chimatseka 4 koloko."

Kenako a Mzere anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa, n'kutulutsa pepala lopinda kanayi lija. Analigwira m'mwamba, osati kumene kunali a Namakiyi kwenikweni, koma chapafupi.

"Tandiwerengerani ndimve. Makina anu a mu ofesi aja amalemba tizilembo ting'onoting'ono."

A Namakiyi analandira pepalalo, analitambasula pabondo, n'kuyamba kuwerenga.