Nsalu Yogwa pa Lole

Fungo la usipa wouma pathandala likasakanikirana ndi utsi wa dizilo, mtima wanga umabwerera ku Senga Bay, m'miyezi ija mvula itangosiya, chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri. Ndinali kamtsikana ka sitandade faifi, kowonda ngati bango. Tinkakhala m'nyumba ya aphunzitsi pafupi ndi msewu wochokera ku boma, poti bambo anawatumiza kumeneko kuchokera kwathu ku Dedza kuti azikaphunzitsa sayansi. Nyengo imeneyo panalibe wokhazikika. Wailesi inkangobwebweta, akuluakulu ankanong'onezana pamjigo, ndipo ife ana makutu athu anali kumsewu.

Chimene chinkatisowetsa mtendere anali malole a kampeni. Ankabwera nyimbo zili pakamwa, anyamata ataimirira kumbuyo, akuponya masikipa ndi nsalu za chipani galimoto osaima. Likangomveka kutali, azimayi ankasiya nsomba pamoto, ife n'kutaya ndowa, tonse liwiro la kumsewu.

Anzanga ankafuna masikipa, koma ine ndinkafuna nsalu. Mayi anali ndi khanda, mlongo wanga Chisomo, ndipo nsalu yomuberekera inali itatheratu. Tsiku lina inang'ambika pamfundo tili pamjigo, mwana n'kutsetsereka kumsana, mayi n'kumugwira mwendo mutu utatsala pang'ono kugunda simenti. Bambo ankangoti tigula mwezi ukatha, koma mwezi unkatha nsalu osaoneka. Kuyambira tsiku limenelo, mayi akangowerama ali ndi mwana kumbuyo, maso anga ankakhala pamfundo ya nsaluyo.

Ndinalimbana nawo malolewo kangapo, koma chimene ndinkabwera nacho kunyumba ndi mchenga m'kamwa ndi nthiti zopweteka ndi zigongono za anthu. Komabe ndinaona chinthu chimodzi. Tonse tinkathamangira pamene dzanja la woponya latsegukira, koma nsalu zopindidwa m'mapulasitiki zinkakagwera kutsogolo, n'kutoledwa ndi amene anali ndi miyendo yaitali.

Ndinawafunsa bambo chifukwa chake, koma za lole sindinatchule. Bambo funso la sayansi linkawakomera kuposa ndiwo. Anatenga njinga ndi mwala, n'kujambula mzere pabwalo la sukulu, n'kundiuza kuti ndiyang'anitsitse. Anapalasa mwamphamvu, malaya akuuluka, ndipo atafika pamzere paja anangotsegula dzanja. Mwala umene anagwira sunagwere pamzere, unakagwera patsogolo ndithu.

"Waona?" anatero akupuma wefuwefu. "Mwalawu unali paulendo pamodzi ndi njinga. Ndikausiya, dziko limaukokera pansi, koma ulendo wake wopita kutsogolo sunathe. Umachita zonse ziwiri nthawi imodzi."

Kenako anachita chimodzimodzi ndi pepala, ndipo mphepo inalikaniza, n'kutsalira m'mbuyo likuvinavina. Iwo ankaona kuti akuphunzitsa mwana wanzeru, pamene ine m'mutu munali lole basi: sikipa ndi pepala, nsalu ya m'pulasitiki ndi mwala.

Lole lotsatira linabwera dzuwa lili paliwombo, phula likuwotcha kumapazi. Anthu anaunjikana pasiteji monga mwa masiku onse. Ine ndinawadutsa, n'kukaima ndekha patsogolo, pansi pa mgwalangwa. Mnzanga Asiyatu, mwana wa msodzi woyandikana nafe, anakuwa: "Iwe, wapenga? Zinthu zikugwera kuno!" Miyendo inkandiyabwa kuti ndibwerere, koma ndinaluma mano. Masikipa anauluka n'kutsalira pagulu paja. Kenako kaphukusi konyezimira kanadutsa pamwamba pa mitu yawo, kakutsika pang'onopang'ono kwinaku kakulondola lole, n'kugwa phi, n'kutsetsereka pamiyala kubwera kwa ine. Ndinakagwera ndi mimba, mawondo n'kusupuka, koma sindinamve kupweteka.

Mayi anaseka mpaka misozi. Anaitambasula nsaluyo pakhonde, yatsopano, yolimba, yonunkhira kusitolo, nkhope ya mkulu wa chipani ili mbee pakati pake. Bambo atafika kuchokera ku sukulu anaiona, ndipo nkhope yawo inagwa. Anaikwinya msangamsanga n'kulowa nayo m'nyumba, akuyang'ana uku ndi uku.

"Mphunzitsi alibe chipani," anatero motsitsa mawu. "Mukufuna anthu aziti chiyani akaona mkazi wanga wabereka mwana ndi nkhope iyi?"

"Nanga mwanayu ndizimubereka ndi chiyani, abambo ake Chisomo?" anafunsa mayi.

Bambo anayang'ana mawondo anga amagazi, n'kundifunsa kuti ndinaima pati. Nditawauza, milomo yawo inagwedera ngati akufuna kumwetulira, koma anaibweza.

M'mawa mwake anapalasa njinga mpaka ku boma, n'kubwera ndi dayi wakuda. Anakoleza okha moto kuseri kwa nyumba, n'kuiwiritsa nsalu yanga m'chitini, akuivundula ndi ndodo, kenako ndi manja, mpaka nkhope ija ndi mitundu yonse zinamira. Ndinalira mokweza kuti Senga Bay yense amve. Ndinadana nawo bambo sabata imeneyo, ndipo sindinabise.

Chisomo anakulira m'nsalu yakudayo, ndipo mfundo yake sinamasukepo. Panthawiyo ine ndinkangoona munthu wamantha amene anandiwonongera chinthu chokongola chimene ndinapata ndi nzeru zanga. Ndinadzamva nditakula kuti bambo anaonapo aphunzitsi anzawo akuchotsedwa ntchito, ena osabwereranso kwawo, pa nkhani zazing'ono kuposa nsalu, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti chisankhocho chitha bwanji. Munthu wamantha chabe akanaiponya m'chimbudzi tsiku lomwelo. Iwo anapita kukaimirira pamaso pa kalasi yonse, choko chili m'zala zakuda bii, ana akuwaseka, mpaka dayiyo anasuluka yekha.