Tinazimitsa Kanema Chombo Chisananyamuke

Madala a m'chipinda chomaliza anandikwana chaka chimenecho, ndisaname. Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba ina ku Barking, mumzinda wa London, ndipo pa onse amene ndinkawasambitsa, amenewa ndiwo ankanditulutsa thukuta. Anali bambo wachizungu, wamtali, wowonda, amene moyo wawo wonse anagwira ntchito m'fakitale yopanga timawotchi toyezera mafuta ndi mpweya m'makina. Sitiroko inawafoola miyendo ndi dzanja lamanzere, mawu nawo anatsala a pansipansi, koma mutu unali bwinobwino. Ndiye m'mutumo munali chinthu chimodzi basi, zombo zopita kumlengalenga.

Ku America anali atasiya kuulutsa zombozo kwa zaka ziwiri ndi kanthu, china chitaphulika pobwerera n'kupha onse amene anali m'katimo. Tsopano zinamveka kuti ayambiranso. Madala anasiya kudya bwino. Adokotala anali atawauza kale kuti mtima wawo watopa, ndipo iwo sankabisa.

"China chikadzanyamuka ine kulibe," anandiuza m'mawa wina ndikuwapukuta kumsana. "Ichi ndikufuna ndichione chikunyamuka. Osati pa nkhani za madzulo. Nthawi yomweyo."

Ndinati chabwino bambo, n'zosavuta. Ha, ndikanadziwa! Kanema wa m'chipinda mwawo sankagwira tchanelo chimene ankaonetsapo zimenezi. Wa m'chipinda chachikulu chochezera anali wa agogo aakazi okhala m'nyumbamo, ndipo munthu wokhudza rimoti nthawi ya pulogalamu yawo ya masana ankatukwanidwa mpaka makolo ake. Kunatsala kachipinda kochezera kakang'ono kumapeto kwa khonde, komwe kunali chikanema chakale chamsana waukulu. Kuti madala akafike kumeneko, pankafunika kuwanyamula pabedi ndi hoisiti, makina aja okweza munthu m'mwamba pa nsalu yamalamba, n'kuwakhazika pa wilitcheya. Lamulo la pantchito linali lakuti hoisiti sagwira munthu mmodzi. Mukhale awiri, apo ayi ntchito yatha.

Ndiye anandilembetsa ndandanda papepala. Nthawi yakuti kumeta ndevu. Nthawi yakuti shati yoyera. Nthawi yakuti tayi. Nthawi yakuti kupolisha nsapato.

"Nsapato za chiyani, bambo, inu simuyenda?"

"Anthu akukaika moyo pachiswe. Ine ndikawaonere nditavala masilipasi?"

Ndinapolisha, ndikung'ung'udza m'Chichewa kuti asamve. Ine amene ndinasiya ntchito yauphunzitsi ku Chilomoni, lero ndikuwalitsa nsapato zoti zikangokhala pa chopondera cha wilitcheya, chifukwa cha anthu amene ali kutsidya kwa nyanja ndipo sakudziwa n'komwe kuti kuli Barking.

Tsiku loyamba tinachita zonse. Ndevu, shati, tayi ndinamanga katatu chifukwa akuti mfundo yapendama. Tinafika pa kanema nthawi ikadalipo, ndinawaika pakatikati, ndinawapukutira magalasi. Posakhalitsa wolengeza anati ulendo walephereka, kachipangizo koyezera mafuta kakuonetsa zolakwika, anthu atsike. Abale inu! Anthu ophunzira onsewo, chimakina chachikulu ngati nyumba yosanja, n'kulephera chifukwa cha kachinthu kolowa m'thumba? Ndinalankhula mokweza, ndinaiwala kuti ndili pantchito.

Madala ankangomwetulira. "Achita bwino," anatero. "Kachinthu kameneko kakanama, injini zimazima nthawi yolakwika. Wakana kunyamukayo ndi munthu."

"Nanga tayi yangayi?"

"Udzamanganso."

Ndinawavula, ndinapachika shati, basi yanga inandisiya.

Panapita masiku angapo asanalengeze tsiku lina. Apa ndiyenera kunena za mayi aakulu, chifukwa tsiku lachiwirilo munthu wondithandiza pa hoisiti anali iwowo. Anali namwino wa kwathu, wa ku Ntcheu, amene anabwera ku London kale ine ndisanalote n'komwe. Ndiwo anandilandira nditangofika, ndinagona pabalaza pawo miyezi inayi, ndiwo anandiphunzitsa kukwera sitima ya mumzinda yotchedwa District osasochera, ndipo ntchito imeneyi anandipezera ndi iwo. Ku tchalitchi kwathu ankatsogolera amayi. Sindinawatchulepo dzina ndi tsiku limodzi, ankangokhala Mayi. Anali munthu wabwino, ndipo ndikunena zimenezi ndi mtima wonse, ngakhale kuti nkhani ino ndikamaikumbukira ndimafuna kumenyetsa mutu kukhoma.

Tsikulo kunatentha. Chombo chinayenera kunyamuka folo koloko ya masana itatsala pang'ono, ndipo nthawi yeniyeniyo inali papepala lija m'thumba la yunifolomu yanga. Madala anayamba kuliza belu m'mawa. Batire la hoisiti watchaja? Ndatchaja, bambo. Waliyesa? Ndaliyesa. Kaliyesenso. Ndinapita kukaliyesanso ndikukukuta mano. Mayi anachedwa ndi agogo ena amene ankakana mankhwala, ine ndikungozungulira pakhonde ngati nkhuku yofuna kuikira, madala ali tayi pakhosi, maso pa wotchi. Mayi atabwera tinawakweza madala, tinawakhazika, ndinakankha wilitcheya mothamanga mpaka Mayi anandikalipira kuti iwe, ameneyu si thumba la chimanga.

Pa kanema ankaonetsa kachipinda koyera pamwamba pa nsanja, pakhomo penipeni pa chombo. Munali anthu ovala zoyera, ndipo ntchito yawo inali yolowetsa apaulendowo mmodzimmodzi. Ankamuveka munthu chipewa chake chagalasi, kumukwawitsa pakakhomo kozungulira, kumugoneka chagada pampando miyendo ili m'mwamba, kenako n'kumumanga malamba. Wina akamanga, mnzake ankabwera kudzakoka lamba yemweyo kuti aone ngati wagwira.

"Anzako awo," anatero madala. "Taona mmene akukokera. Iwe lamba wangayu wakoka?"

Ndinakoka lamba wa pa wilitcheya mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira. Koma ndivomere, ndinayamba kuonerera. Anthu aja sankathamanga. Ankagwira munthu wamkulu, wophunzira, ngati mmene ife timagwirira okalamba athu, kumukonza kolala, kumufunsa ngati penapake pakumuthina. Atamaliza anatseka chitseko, anachiyesa ngati sichikutulutsa mpweya, anatolera zida zawo n'kutsika, kuwasiya anzawo asanu ndi awiri atamangidwa pamwamba pa mafuta onse aja. 

Pakona pa kanema panali wotchi yowerenga chobwerera m'mbuyo. Itafika pa mphindi zisanu ndi zinayi inaima. Ndinati basi, zayambikanso, tayi yanga yapitanso pachabe. Madala anati ayi, amaimitsa dala. Apa mkulu wa ulendo amafunsa aliyense payekhapayekha, wa mafuta, wa nyengo, wa injini, ngati ali wokonzeka, ndipo mmodzi yekha akakana, sanyamuka. Onse akavomera wotchi iyambanso, ndipo ikayamba palibenso zocheza. Ankalankhula dzanja lawo labwino lija litagwira chogwirira cha wilitcheya zolimba.

Mayi anali asanachoke. Anaima kumbuyo kwathu manja m'chiuno.

"Iwe, kodi m'chinthumo muli anthu enieni?" anandifunsa m'Chichewa.

"Eya, Mayi. Asanu ndi awiri."

"Si chomwechi chinapha anthu chija?"

"Chinzake."

"Ndiye akunyamuka chonchi? Ndaima pano nthawi yonseyi sindinaone ndi mmodzi yemwe akuweramitsa mutu. Ulendo wa ku Lilongwe womwe timayamba tapemphera, nanji wa kumwamba?"

Ndisanayankhe, anatola rimoti patebulo, n'kuzimitsa kanema. Thi! Kwathu ndi mmene timachitira, wailesi siilira anthu akupemphera. Anandipatsa rimotiyo m'manja. "Gwira." Kenako anaima kutsogolo kwa madala, anawagwira dzanja, anawauza m'Chingerezi mokoma kuti wotchi yaima, tiwapempherere apaulendowa kamphindi kochepa. Madala anatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka ndi kamawu kakang'ono, "Chonde," ndipo Mayi anamva ngati akuti pitirizani. Anatseka maso n'kuyamba kupemphera m'Chichewa.

Ine ndimawadziwa mapemphero a Mayi. Kamphindi kochepa kawo ndinakagonerapo pabalaza paja, tiyi mpaka kuzizira. Anayamba bwino, ndi apaulendowo. Anapempherera akazi awo ndi amuna awo, ana awo, makolo awo ngati alipo. Anapita kwa amene anafa aja ndi amasiye awo. Ndinati mwina apa atsiriza. Ayi ndithu, mawu akuti ulendo anawakumbutsa maulendo ena. Analowa mumsewu wa ku Ntcheu, madalaivala a minibasi, mlamu wawo amene amayendetsa thiraki kupita ku Beira. Kuchoka apo anafika pa ife a kuno, amene mapepala athu otiloleza kukhala kuno ali ku ofesi ya boma sakutuluka.

Maso anga anali pa wotchi ya pakhoma. Ndinatulutsa pepala lija ndi dzanja limodzi, ndinaliyang'ana, ndinalibweza. Mwa kuwerenga kwanga, wotchi ya chombo inali itayambanso kale kuyenda.

"Ameni," ndinatero, mokweza ndithu.

Kwathu aliyense amadziwa kuti ameni wotere ndi wouza munthu kuti wafika. Koma Mayi anamutenga ngati nkhuni zowonjezera pamoto. "Inde Ambuye!" anatero, n'kukweza mawu. Ndinayesanso kachiwiri, "Ameni, ameni," iwo ndiye anayamba kugwedezeka, analowa kwa manijala wathu kuti Mulungu amufewetse mtima pa nkhani ya mashifiti.

Koma abale, rimoti inali m'dzanja langa. Chala changa chinali pabatani lofiira lenilenilo. Kungodina basi, ngakhale kuchotsa mawu kuti chithunzi chokha chioneke, Mayi sakanadziwa n'komwe msanga, anali atafulatira kanema. Ndinaganiza zimenezo. Ndinaganizanso kaphokoso kamene chikanema chija chinkachita poyaka, Mayi akutsegula maso, akundipeza ine mwana amene anamulandira ndi chikwama chimodzi ndikuyatsa kanema pakati pa pemphero lawo. Ndinaganiza Lamulungu ku tchalitchi, amayi akunong'onezana. Ine ndinaleredwa kuti wamkulu akamapemphera ngakhale chifuwa umachimeza. Chala chinauma pomwepo.

Madala sankamva Chichewa, choncho sankadziwa ngati pemphero lili pakati kapena kumapeto. Dzanja lawo labwino linali m'manja mwa Mayi, linalo silinkagwira ntchito. Anasuzumira kumbali kuti aone kanema wakudayo. Kenako anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana dzanja langa. Ine ndinayang'ana pansi.

Muvi wa wotchi unafika pa nthawi ija, unadutsa. Mayi anapempherera mvula ya chaka chamawa, anatsiriza ndi chisomo, anati ameni. Ndinadina. Chikanema chija chinayamba kaye kulira, chithunzi chikubwera mwaulesi, ndipo chitaoneka panali nsanja yopanda kanthu ndi chiutsi choyera chitapindika kuloza kumwamba. Anthu ankaomba m'manja. Kamera inasakasaka n'kupeza kadontho kowala, kakang'ono ngati njere ya mpunga.

"Mwaona!" anatero Mayi, nkhope ili ngwee. "Anyamuka bwino. Mulungu wamva." Anawasisita madala paphewa n'kupita kukagawa mankhwala a folo koloko, akuimba nyimbo chapansipansi.

Ndinagwada pambali pa wilitcheya. "Bambo, aonetsanso. Onani, akubwereza kuyambira pachiyambi."

Ankabwerezadi, moto, utsi, chinthu chonse chikudzuka. Madala sanayang'ane. "Ndikudziwa kale kuti apulumuka," anatero. "Ndimafuna ndikhale nawo pamene palibe amene akudziwa. Ndibwezere kuchipinda."

Kuwabwezera pabedi kunafunikanso anthu awiri, ndiye tinadikira Mayi pafupifupi theka la ola, ine ndi madala. Atabwera anali akadali osangalala, ankawauza madala kuti Lamulungu akachitira umboni. Madala anati zikomo. Anati zikomo, abale!

M'basi popita kunyumba ndinawakalipira Mayi mumtima kuyambira pokwerera mpaka potsikira. Ndinawauza zonse. Kuti si chilichonse chimafuna iwo. Kuti Mulungu sakanalephera kumva kanema ali woyaka. Kuti munthu anasiya kudya, anavala tayi kawiri, ndipo iwo amulanda chinthu chimodzi chimene anapempha. Ndinakonza mawu abwino kwambiri, ena mpaka ndinawalankhula mokweza, mayi wina amene ndinakhala naye pampando anasuntha. Nditakumana nawo m'mawa mwake pakhomo la kuntchito ndinati mwadzuka bwanji Mayi, n'kuwalandira chikwama.

Ndinalowa m'chipinda chomaliza. Madala anali maso kale. Ndinatsegula makatani, ndinayamba kulankhula zambirimbiri, kuti kunja kwacha bwino, kuti apaulendo aja akuti ali bwino kumwambako, kuti Mayi sanachite dala, ndi mmene timachitira kwathu, munthu akamanyamuka timamupempherera. Ndinkafuna andithandize kuwakwiyira Mayi, kapena andiuze kuti palibe kanthu.

Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Mayi aja ndilibe nawo mlandu," anatero. "Anatseka maso, ankachita chimene amakhulupirira. Koma iwe maso ako anali otsegula. Ndinakuona. Nthawi unkaidziwa, chinthu chili m'manja mwako."

Ndinaima pawindo chingwe cha katani chili m'dzanja.

"Unkaopa chiyani?" anandifunsa, osati mokalipa, ankafunadi kudziwa.

Yankho ndinali nalo, koma nditaliyesa mumtima ndinaona kuti ndi laling'ono kwambiri moti sindingalipereke kwa munthu amene sadzaonanso chombo china. Anadikira ndithu. Kenako anatembenukira kukhoma n'kundiuza kuti lero sadzuka, ndiwasiye agone.