Mafayilo a Bambo pa Chithunzi cha Phiri

Pamtundu pathu aliyense amati ndine wodziwa makompyuta, ndipo dzina limeneli ndatopa nalo. Ntchito yanga ndi yotayipa ndi kupulinta m'kashopu kena pafupi ndi msika wa Zomba, basi. Koma kompyuta ikangovuta kwa m'bale aliyense, kuyambira ku Likangala mpaka ku Malosa, foni imene imalira ndi yanga. Zambiri ndimangochita mwa chizolowezi: kuchotsa zinyalala, kuika timapulogalamu timene ndimayenda nato pa fulashi, kumwa tiyi, n'kumapita. Kompyuta imodzi yokha ndi imene palibe anandiitanira, ndipo ndi imene ndinaisokoneza.

Inali ya bambo anga. Iwo anayamba ntchito yosunga mafayilo m'maofesi a boma likulu likadali kuno, ndipo atapuma, kumpingo kwathu anawasankha kukhala mlembi wa akulu a mpingo. Udindo umenewu ankaukonda kuposa chakudya. Mayi atamwalira, udindowo ndiwo unkawadzutsa m'mawa, kuwametetsa ndevu ndi kuwavalitsa tayi. Ena mumpingo anali atayamba kale kunong'ona kuti mkuluyu wakalamba, apatseko mpata anzake. Iwo ankamva ndithu, koma ankangotola chikwama chawo n'kumapita ku msonkhano.

Kompyuta yawoyo ndinkadana nayo. Pa sikirini panali chithunzi cha phiri lathuli, chimene mlongo wanga anajambula ali pakhonde, ndipo pamwamba pa chithunzicho mafayilo anali balalabalala ngati chimanga choyanika chimene nkhuku zapalasa. Ena pamtambo, ena pamitengo ya paini, ena padenga la aneba. Maina ake ndiye osanena: Kalata, Kalata 2, Kalata yatsopano, Kalata yatsopano yeniyeni. Ndinkadzifunsa kuti munthu ameneyu ndi yemwe uja anasunga mafayilo a boma zaka zonse zija? Ndikayang'ana, mutu unkandipweteka.

Loweruka lina m'mawa, iwo atapita kukazonda wodwala, ndinakhala pampando wawo n'kulowetsa fulashi. Ndinaika pulogalamu yosonkhanitsa mafayilo m'timabokosi motsata zilembo za maina ake. Ndinaika ina yosintha maonekedwe, kuti zonse zikhale zakuda bii, ndi tizilembo towonda tamakono. Chithunzi cha phiri ndinachotsa; ndinati phiri lili pakhomo pompa, wofuna kuliona atuluke panja. Ndinawonjezera kawotchi ndi kena kolosera nyengo, ngati kuti bambo ankasowa wowauza kuti kuphiri kwatsika nkhungu. Pofika masana sikirini inali yaudongo, ine n'kukhala pakhonde kudikira kuyamikiridwa.

Atabwera anakhala pansi, n'kugwira mausi, n'kuyendetsa kamuvi kupita kumwamba cha kumanja, kumene kale kunali nsonga ya phiri. Anadina. Panalibe kanthu. Anakatsitsira kumanzere, n'kudinanso. Kenako dzanja linangokhala duu pamenepo. Ndinayamba kuwalongosolera mothamanga ngati wogulitsa mankhwala m'basi, kuti tsopano zonse zili m'dongosolo, akafuna maminitsi a msonkhano angowerenga dzina m'bokosi lachiwiri. Ndinawalozera ndi chala. Anasendeza nkhope mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi.

"Tandiwerengera," anatero.

Ndinayesa ndi mkwiyo chabe, ndiye ndinawayankha mwamwano pang'ono kuti magalasi ali nawo pamaso. Sanandikalipire. Anavula magalasiwo n'kuwaika patebulo.

"Awa anasiya kundithandiza kalekale, mwanawe. Zilembo sindiziona. Ndimaona phiri."

Apa m'pamene anandiuza zonse, pang'onopang'ono. Maminitsi ankakhala pansonga ya phiri. Makalata a maukwati pamtambo, a maliro pamtengo wa m'munsi, maina a ana obatizidwa padenga la aneba. Fayilo yatsopano ankaiika kumanja kwa yakale, monga ankachitira m'mashelefu a boma. Kutayipa sikunkawavuta, chifukwa zala zinaloweza pamene pali chilembo chilichonse kalekale pa tayipilaita. Ku msonkhano ankanyamula pepala n'kumanena za pamtima, maso ali papepalapo. Palibe ankadziwa, ngakhale ife ana awo. Ndinachita manyazi, komanso ndinawakwiyira chifukwa chobisa, ndipo mkwiyowo unandichititsanso manyazi ena.

Msonkhano wa akulu unali Loweruka lotsatira. Sabata yonseyo ndikaweruka ndinkathamangira kwawo. Mapulogalamu anga ndinachotsa onse, chithunzi ndinabwezera, koma mafayilo sanabwerere m'malo mwake, anangondanda pamzere kumanzere kwa sikirini. Pulogalamu yokumbukira malo a mafayilo ilipo, ndinali nayo pa fulashi yomweyo, koma imafunika kuiika usanasokoneze, osati utasokoneza kale. Ndinayesa yokulitsa zilembo, mawu awiri okha n'kudzaza sikirini yonse, iwo n'kusochera. Ndinayesa yowerenga mokweza, koma Chichewa chake chinali cha mzungu wofika dzulo, mpaka bambo anati ndiitseke pakamwa.

Ndiye tinayamba ndi manja. Ine kutsegula fayilo ndi kuwerenga mizere yoyamba, iwo kuloza pagalasi, ine kukokera pamenepo. Ena ankaloza osaganiza n'komwe. Pa ena chala chinkaima m'malere, kupita kumtambo, kubwerera, kenako n'kugwera pabondo. Tsiku lachitatu anasokoneza kalata ya maliro ndi ya ukwati, ndipo atazindikira anapempha kuti tipume. Ine msana unkawawa, iwo maso ankalengeza misozi chifukwa cha kuwala kwa sikirini. Pofika Lachisanu tinali titabwezera mwina theka lokha.

Ndinawauza kuti zotsalazo tidzamaliza, ndipo ndizibwera Loweruka lililonse kudzawathandiza, palibe adzadziwe. Ndinkanena zoona, ngakhale mumtima ndinali nditatopa nawo kale masiku amenewo asanafike. Anapukusa mutu. Anandikumbutsa zimene ndinawerenga mokweza sabata imeneyo: milandu ya m'mabanja a eni, maina a oimitsidwa ku Mgonero, anthu amene ndimapatsana nawo moni patchalitchi sabata ndi sabata. Ine sindinaganizeko n'komwe. Kwa ine anali mafayilo basi.

"Eni milandu aja analankhula podziwa kuti zithera mwa ife akulu a mpingo," anatero. "Mlembi wowerengeredwa ndi mwana wake si mlembi."

Ndinati, "Ababa, ine sindingauze munthu." Anati akudziwa, koma nkhani sinali imeneyo.

Kenako anandiuza kuti nditsegule tsamba latsopano ndipo ndichoke pampando. Anakhala pansi, n'kuyala zala pa kiyibodi, n'kuyamba kutayipa okha, maso ali kukhoma. Inali kalata yaifupi yotula pansi udindo. Atamaliza anandifunsa ngati muli polakwika. Ndinawerenga kawiri, kufunafuna ngakhale kachilembo kamodzi koti ndiwakonzere. Munalibe.