Kugunda Khumi ndi Kawiri kwa Eliasi Sakala

Eliasi Sakala anali wosula, ndipo chipala chake chinali pansi pa mkuyu kufupi ndi Mkaika. M'chaka cha 1923, kuchokera ku Katete mpaka kufupi ndi malire a Apwitikizi, munthu akafuna nkhwangwa yeniyeni ankafunsa njira ya kwa Sakala. Koma pakamwa ndiye panalibe zake. Ukamufunsa kuti chitsulo chofiira chimakhala m'madzi nthawi yotani, ankangoti, "Kamphindi." Kamphindi kanji? "Kamphindi basi!"

Kamphindi kameneka ndi komwe kanatsala pang'ono kumulanda mwana. Mkamwini wake, Josefati Mbewe, anabwera kuchokera ku Walale ndi wotchi ya m'thumba, nayamba kuphunzira kusula. Kupopa mvukuto anadziwa, nyundo nayo inamumvera, koma pa kuviika nkhwangwa m'madzi ndi pomwe ankagwa chagada. Akaichotsa msanga, inkapindika pa mtengo woyamba. Akachedwa, inkathetheka ngati phale. Atawononga yachisanu ndi chimodzi anaponya pansi mbaniro zopanira chitsulo.

"Bambo, ntchito iyi yandikana," anatero. "Mwezi ukaoneka ndibwerera ku Walale, ndipo Yunesi ndipita naye."

Yunesi anali mwana yekhayo wa Eliasi. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo mkuluyo anachita mantha enieni. Luso linali m'dzanja mwake, koma alitulutse bwanji kuti alipatse munthu wina?

M'mawa mwake Josefati anayesa nzeru yake yotsiriza. Anatulutsa wotchi ija, naloza kamuvi kakang'ono kothamanga. "Aka kamawerenga masekondi. Viikani inu, ine ndione."

Eliasi anaviika, chitsulo chinati tswii, nachivuula. "Awiri!" anakuwa Josefati. Anaviikanso china. "Atatu! Kapena awiri? Aa, kali pakati!" Atayesa yekha pa awiri, nkhwangwa inapindika. Pa atatu inasweka. Wotchi yonse ya ku Walale, yonyezimira chonchija, n'kulephera kugwira kamphindi ka nkhalamba yosadziwa kulemba dzina lake!

"Tandipatsani kanthu kanuko," anatero Eliasi mokwiya. Maso ake anali atayamba kuchita nkhungu, moti kamuviko sanakaone n'komwe, choncho anangoiika pakhutu. Nkhope yake inasintha.

"AMbewe! Muli kanthu m'katimu kakuthamanga kuposa muvi wanuwo! Tayang'anani muviwo, mundiuze ukadumpha."

Anayesa, ndipo anapeza kuti muvi ukadumpha kamodzi, m'kati mwagunda kasanu. Sekondi ija, imene Josefati ankati ndiye mapeto a kuchepa, inali ndi ana asanu m'mimba! Eliasi anaseka mpaka kutsokomola. Anaitana Yunesi, amene anali kupeta mapira pabwalo, kuti adzagwire wotchi pakhutu pa bambo ake, popeza manja onse anali pa mbaniro.

Chitsulo chinafiira, chinalowa m'madzi, milomo ya mkuluyo ikugwedezeka mwaliwiro. "Khumi ndi kawiri!" Anatenthetsa china. Khumi ndi kawiri. Chachitatunso chimodzimodzi, osaphonya ngakhale kugunda kumodzi.

"Zaka makumi atatu kamphindi aka kali m'dzanja langa, ine osadziwa kuti kamawerengeka!" anakuwa, navina pang'ono ndi mbaniro m'manja, munthu wa mumpingo woti ankakana gule.

Tsopano inali nthawi ya Josefati. Yunesi anaima kumbuyo kwa mwamuna wake, atagwira wotchi pakhutu pa mwamunayo. Josefati anatsinzina, naviika, nawerenga, navuula. Nkhwangwa itazizira anaikhoma mumpini, ndipo atatuwo anathamangira ku chitsa cha muwanga wouma, mtengo womwe umachititsa manyazi nkhwangwa zabodza.

Anatema kamodzi. Anatemanso, kakhumi konse, zibanthu zikuuluka. Eliasi analanda nkhwangwayo, nayendetsa chala chachikulu kukamwa kwake. Panalibe popindika kapena pobenthuka.

Yunesi anaimba nthungululu mpaka anthu a m'mudzi anabwera akuthamanga, poyesa kuti kwabadwa mwana. Eliasi anangotola mbaniro zake zakale, nazipereka kwa mkamwini ndi manja awiri.

Wotchi ija inadzafa patapita mvula zitatu, koma inafa ntchito yake itatha, chifukwa kugundako kunali kutalowa m'dzanja la Josefati. Mwezi uja unaoneka ndithu, koma unapeza Yunesi akuzira nyumba yake, masitepe makumi awiri okha kuchokera pa chipala cha bambo ake.