Madengu a Abiti Juma

Chaka chimene bwato la bambo anga linasweka, ndinaganiza zopita ku Halale kukafuna ntchito. Mkazi wanga, Abiti Juma, anali ndi mwana kumsana, wina ali m'mimba. Sanandiletse. Anangoti, "Pitani, bambo a Saidi. Mulungu akalola tidzaonana."

Ku Halale ndinalembedwa m'sitolo ya Mmwenye yogulitsa ziwiya za pulasitiki. Ntchito yanga inali kuima pakhomo ndi beseni lofiira m'manja, n'kumakuwa kuti ili silichita dzimbiri, silidyedwa ndi chiswe. Anthu ankagula. Likasweka ankalitaya kuseri kwa komboni, n'kubwera kudzagula lina. Malipiro ankathera lendi ndi chakudya. Zotumiza kumudzi zinkakhala zochepa, miyezi ina osatumiza n'komwe. Lachisanu ndikatuluka mumzikiti, anzanga aliyense kwa mkazi wake, ine ndinkangoyendayenda m'misewu poopa kubwerera m'chipinda mopanda munthu.

Uthenga wakumudzi unkabwera ndi anthu apaulendo. Wina anandiuza kuti, "Akazi anu ayamba kuluka madengu." Mtima unandiwawa. Ndinkaona ngati njala yafika poipa.

Ndinabwerera ana atayamba kale sukulu. Nditatsika basi pa Khombedza, anyamata a chipani n'kuona khadi yanga pageti la msika, ndinamva mawu amene ndinkawadziwa. Anali Abiti Juma, ataimirira pamwamba pa dengu lovundikira, mapazi onse awiri, gulu la anthu litawazungulira.

"Onani, amayi, ine ndi thupi langali silinaphwanyike! Likadzang'ambika pakamwa mubwere nalo, ndidzakusokerani ulere. Likadzatheratu mukaliponye m'munda, liwole, chimanga chidye."

Anthu anaseka, nayamba kusankha. Panali madengu, mikeka, zipewa, zonse za mlaza, zina zonyika m'makungwa kuti zifiire. Ine amene ndinathera zaka ndikukuwa pakhomo la sitolo, ndinali ndisanaonepo munthu akugulitsa katundu pouza wogula mmene adzathere. Atandiona anatsika padengupo, nagwada pang'ono. "Mwafika, bambo a Saidi? Gwirani mkekawu, mphepo ingautenge."

Kumudzi ndinapeza nyumba ya njerwa, ndi amayi ena a m'mudzimo akuluka pakhonde. Iwo ndiwo anandifotokozera. Malonda atayamba kuyenda, anthu anathamangira kudambo, kudula mlaza mpaka pansi, ena kutentha tchire kuti uphukire msanga. Zitsamba zinayamba kuuma. Abiti Juma anakana kugula mlaza wodulidwa motero. Anagawa dambolo zigawo, china chizidulidwa, china chizipuma. Munthu wina wa ku Lilongwe atafuna madengu odzaza lole pamwezi umodzi, anamubweza.

"Simunaope kuti apita kwa ena?" ndinafunsa mkazi wanga.

"Anapita. Kumeneko mlaza unatha. Pano amabwera kuno, amatenga zimene tili nazo."

Sindinabwererenso ku Halale. Lero ndimakweza madengu panjinga kupita nawo kusiteshoni ya sitima ku Salima, ndipo mawu amene ndimanena kwa ogula ndi a mkazi wanga. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti kwathu ndi malo ongodikira zimene ine ndingatumize. Koma kunali anthu akugwira ntchito yawo, akuyang'ana patali kuposa ine.

Tsiku loyamba kupita nawo kudambo, ndinagwira chitsamba chobiriwira bwino, n'kukweza chikwanje. Abiti Juma anandigwira dzanja.

"Masamba awiri okha, bambo a Saidi. Lapakatilo musalikhudze, ndi la chaka chamawa."

Ndinadula awiri, tinapita pa chitsamba china.