Ng'oma za Amuna Anga pa Tepi

Amuna anga anaimba ng'oma mu Lilongwe muno moyo wawo wonse, ndipo bandi imene ankaimbamo inali yawo. Ankaimba jazi. Ukawafunsa kuti jazi n'chiyani, ankati ndi nyimbo imene anthu amacheza ndi zida m'malo mocheza ndi pakamwa, kenaka n'kuyamba kugogoda patebulo mpaka masupuni kugwa. Ine ndinali wotaipa makalata ku Capital Hill, munthu wokonda bata ndi mizere yoongoka, koma ndinakwatiwa ndi phokoso. Sindinadandaulepo kwenikweni, kupatula Loweruka m'mawa.

Ng'oma zawo zinali zachizungu, zija zokhala zingapo pamodzi: yaikulu yoponda ndi phazi, yaing'ono yokhala ndi timawaya kunsi, ndi mbale zamkuwa m'mbali. Zikopa zapulasitiki zimene zinabwera nazo zinang'ambika kalekale, ndipo masiku amenewo kunalibe sitolo yozigulitsa. Ndiye anapita kwa mnzawo wina wachisilamu wa ku Old Town, mmisiri wosoka nsapato kuseri kwa mzikiti, amene ankasunga zikopa za mbuzi chikondwerero cha Idi chikadutsa. Bambowo anapala ubweya n'kukunga zikopazo pa ng'oma zonse. Mawu ake anali okoma ndi onenepa, koma chikopa cha mbuzi chili ndi khalidwe lake. Kukazizira kapena kukachita chinyezi chimalefuka, n'kumalira ngati katoni yonyowa, mpaka utachiwamba pamoto. Choncho Loweruka lililonse, ndisanateleke n'komwe madzi a tiyi, mbaula yanga inali italandidwa kale. Ankakhala pakhonde la kanyumba kathu ku Area 3, akuzunguza ng'oma pamwamba pa makala, kuigogoda ndi chala, kumvetsera, kuizunguzanso. Akafika kuukwati ankakawambanso pamoto wa amayi ophika, amayiwo akuwazazira monga ndinkachitira ine.

Amene anawaona masiku amenewo akudziwa chimene ndikunena. Lamulungu masana ankaimba pa kapinga wa hotela ina ku City Centre, Loweruka m'maukwati ku Area 15 ndi kwina. Ankakhala kumbuyo kwa anzawo onse, komabe bandi yonse inkayendera nsidze zawo. Akakweza nsidze, wa gitala ankadziwa kuti watalikitsa. Dzanja lawo lamanja linkayenda pa mbale yamkuwa mosatekeseka, pamene lamanzere linkachita zake, kulowa pamene sukuyembekeza, kuzemba, kubwereranso, ngati mwana wopulupudza. Ine kuvina sinditha, koma akamaimba iwo ndinkangozindikira ndaimirira.

Chimene ankachilakalaka chinali chimodzi basi: kudzimva. Ankati woimba ng'oma amakhala m'kati mwa phokoso lake, sadziwa mmene limafikira kwa munthu amene wakhala kutsogolo. Anthu ankawayamikira, inde, koma iwo ankafuna tsiku lina akhale pampando, manja ali pamwendo, amve okha chimene anthuwo ankamva. Ankafunanso kuti akadzapita, padzatsale kanthu kosonyeza kuti anali pano ndipo ankaimba motere.

Mwayi woyamba unabwera ndi anthu a wailesi, amene ankayenda ndi makina a tepi m'galimoto kujambula mabandi. Anasonkhanitsa bandi yonse mu holo ya sukulu ina, n'kuimika maikolofoni imodzi pakati. Atayesa koyamba, mkulu wa makinayo anavula zomvera m'makutu n'kunena kuti ng'oma zikumeza anzawo onse. Amuna anga anawasunthira kumbuyo. Anayesanso, n'kuwasunthanso. Pomaliza mwini bandi anapezeka ali pakhonde, kunja kwa chitseko, ng'oma yaikulu atayifunditsa bulangeti la mwana wathu. Nsidze zawo panalibe woziona, ndiye wa gitala anatalikitsa mmene mtima wake unafunira.

Tsiku loulutsa nyimboyo tinaitana anansi, ine ndinakazinga mtedza. Sakisofoni inamveka bwino, wa gitala naye anamveka mpaka kutopetsa. Amuna anga anasendeza khutu pa wailesi mpaka kutsala pang'ono kulowamo. Kutali kwenikweni kunkamveka kagogodo, ngati mlendo akugogoda pakhomo la eni ake. Mayi wina woyandikana nafe, amene sankadziwa kusunga pakamwa, anafunsa kuti, "Nanga abambo a kuno aimba nthawi yanji?" Iwo anaseka nafe limodzi, koma mtedza sanaukhudze.

Panapita zaka. Makaseti anadzaza msika, ndipo aliyense wodziwa kugwira gitala ankatulutsa yake. Bandi yathu nayo inapangana ndi situdiyo ina imene inali kuchipinda chakuseri kwa sitolo ku Old Town. Amuna anga anawamba ng'oma zawo m'mawa, n'kuzikweza pa galimoto la mnzawo. Atafika, mwini situdiyo anasuzumira panja, n'kuona katunduyo.

"Madala, madiramu musavutike kutsitsa," anatero. "Muno sakwana, komanso onse ali mu kiyibodi umu. Inu mungondiuza sipidi yake."

Amuna anga anayang'ana anzawo. Wa sakisofoni, bambo wa kumpoto amene ankagwira ntchito m'boma, anali atapempha tchuti kuofesi chifukwa cha tsikulo. Wa besi anali atauza kale abale ake onse. Mtsogoleri wa bandi akanawabweza bwanji anthu otere? Anakhala pa kampando pakona, n'kumagogoda pabondo kusonyeza liwiro, mwini situdiyo n'kumadina batani. Nyimbo zonse zinajambulidwa choncho, ng'oma zili panja pa galimoto zikuzizira.

Pachikuto cha kasetiyo panali iwo, timitengo toimbira tili m'manja, atavala jekete limene ndinasita ine. Kaseti inayenda, inkamveka m'maminibasi ndi m'magolosale. Anthu ankawaimitsa pamsewu. "Bambo, dzanja lanu ndi lolunjika bwanji! Simuphonya ngakhale kamodzi." Iwo ankayankha kuti zikomo kwambiri, n'kupitiriza ulendo. Ine magazi ankawira. Ndinkafuna kukuwa kuti ameneyo ndi makina, amuna anga saimba ngati wotchi. Koma anandiletsa, ati ndingachititse manyazi anzawo amene anaimbadi pa kasetiyo. M'nyumba mwathu sinaikidwepo mu wailesi, inkangokhala m'kabati pamodzi ndi mbale za alendo.

Kenaka ukalamba unafika mmene umafikira, osagogoda. Wa gitala anamwalira. Wa besi anapita kukaimbira kwaya kumpingo kwawo, ngakhale ukamuitana ankabwera. Maukwati anayamba kubwereka anyamata a masipika m'malo mwa mabandi. Amuna anga ankaimbabe pakhomo, ine ndi nkhuku tikumvera, koma nkhani yojambula anasiya kuitchula.

Tsiku lina kunabwera wa sakisofoni uja, atapuma ntchito tsopano, imvi zili mbuu. Mwana wake wamwamuna anali atabwera kuchokera kumaphunziro ndi zida zojambulira, ndipo anasandutsa chipinda china cha nyumba yawo ku Area 11 kukhala situdiyo.

"Akulu," anatero asanakhale n'komwe pansi, "mwana wanga akuti ng'oma iliyonse aipatsa maikolofoni yakeyake. Ulendo uno mumveka, mufune musafune."

Amuna anga anayankha kuti aganiza kaye. M'mawa mwake ndinawapeza atavala kale nsapato, ulendo wa ku Old Town kwa mnzawo wa zikopa. Bambowo nawo maso anali atayamba kuvuta, koma anakunga zikopa zatsopano ndi manja awo, osalola ana awo kukhudza.

Inali nyengo yachisanu. Poti ku Area 11 sitinkayembekeza kukapezako moto wa ophika, anawamba ng'oma zonse kunyumba, mosamala kuposa kale lonse, n'kuzikulunga ndi zitenje zanga kuti zisunge kutentha. Tinkaona ngati tachenjera. Sitinadziwe kuti chipinda chojambulira chinali chomata mawindo, ndipo munali makina oziziritsa amene ankapuma mphepo usana wonse kuti kompyuta isatenthe. Mwana uja anatenga nthawi yake kuimika mamaikolofoni, uku akuyesa mawaya. Atatha, amayi a pakhomopo anabweretsa tiyi ndi zitumbuwa, ndipo sitikanakana. Titatha tiyi, amayi omwewo, amene anali mkulu wa mpingo, anati ntchito yotere siyambika osapemphera. Pemphero lawo linayambira pa makolo athu, linadutsa m'zipatala ndi m'ndende, n'kudzafika pa bandi mochedwa ndithu. Ine ndinatsinzina diso limodzi lokha, linalo lili pa ng'oma.

Titanena ameni, amuna anga anakweza kamtengo n'kumenya. Ng'oma inangoti bwafu. Anayesa ina, chimodzimodzi. Zikopa zonse zinali zitalefuka.

"Musadandaule, ankolo," anatero mwana uja mwaulemu. "Inu ingoimbani. Sawundi yake ndikaisintha pa kompyuta, ndili ndi madiramu abwino kwambiri mmenemu."

Ndinayang'ana nkhope ya amuna anga ndipo ndinaona kuti avomera. Anali atayamba kale kugwedeza mutu, monga munthu amene sakufuna kuvutitsa eni nyumba. Apo ndiye mtima unandiyaka.

"Mwana wanga, pakhomo pano pali mbaula?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngolo. Mayi ake anati iwo amaphikira magetsi, koma bambo wosamalira maluwa ali nayo kuseri. Makala sungalowe nawo m'chipinda chomata mawindo, aliyense amadziwa, ndiye ndinati zonse zituluke panja. Mwanayo anadandaula kuti pakhonde pamveka mphepo, pamveka galu, njiwa nazo zilowa mu nyimbo.

"Zilowe," ndinatero. "Njiwa si makina."

Bambo ake anaseka mpaka kutsokomola. "Yewo, amama. Iwe, nyamula mawaya akowo."

Choncho bandi yonse inasamukira pakhonde, wa sakisofoni, wa besi, ndi mdzukulu wa malemu wa gitala amene anatenga malo a agogo ake. Ine ndinakhala pa sitepe ndikukupiza mbaula ndi chivindikiro cha poto. Nyimbo ikatha, amuna anga ankanyamula ng'oma imodziimodzi, kuizunguza pamakala, kuigogoda ndi chala, n'kubwerera pampando. Dzuwa linali pa maluwa, nsidze zawo zinkaoneka kwa aliyense, ndipo anaimba masana onse akumwetulira. Sindikumbuka tsiku lina limene ndinakondwa choncho muukalamba wathu.

Pomaliza tinalowa m'nyumba kukamvera. Anawakhazika pampando wapakati, masipika awiri patsogolo pawo. Nyimbo itayamba, ng'oma zinadzaza chipinda chonse. Kalikonse kankamveka, ngakhale kulira kwa chopondera. Anamvetsera, manja ali pamwendo, monga ankafunira zaka zonse zija. Koma ine ndinamvanso china chimene pakhonde paja chimwemwe chinandibisira. Dzanja lamanzere linkachedwa. Pamene kale linkalowa modzidzimutsa, tsopano linkafika mochita kudzikoka, ndipo penapake linkangosiya osafika n'komwe. Ndinawayang'ana chamchibisira ndipo ndinadziwa kuti nawonso amva.

Mwana uja nayenso anamva. Anati malo amene achedwawo angathe kuwakankhira pamzere, palibe angadziwe.

"Ayi, mwana wanga, zisiye choncho," anatero amuna anga. "Ameneyo ndine. Wolunjika uja ndinamumva kale m'maminibasi."

Pobwerera tinakhala kumpando wakumbuyo, ng'oma yaing'ono ili pamiyendo pawo. Tinayenda kamtunda ndithu. Tikutsetsereka msewu wa ku Old Town, anandiyandikira n'kufunsa motsitsa mawu kuti woyendetsa asamve.

"Mayi, mundiuze zoona. Kale ndinkaimba chonchi?"

Ndinadziwa kuti sakufunsa kuti ndiwasangalatse. Iwo analibe pena poyerekezera, chifukwa mnyamata uja wa pa kapinga wa hotela, amene anali iwo omwe, sanamumvepo ali kutsogolo kwake.

"Ayi, bambo," ndinatero. "Apa mwangolawitsa. Kale munkaimba mpaka ophika kupsereza mpunga."

Anayamba kusisita chikopa ndi chikhatho. Ndinaopa kuti ndawapweteka. Kenaka anaseka pang'ono.

"Ndiye kuti zimenezo zatsala mwa inu nokha. Musafulumire kufa, mayi."

Anatsogola ndi iwo, mvula ya chaka chotsatira itangoyamba. Wa sakisofoni anabwerera kwawo kumpoto, ndipo ndinamva kuti masiku ano sazindikiranso anthu. Nyimbo za pakhonde zija adzukulu athu ali nazo m'mafoni mwawo, amatumizira anzawo, amati agogo anali katswiri. Ine ndimavomera, ndipo ndimathokoza kuti zilipo, chifukwa ndikaziika ndimamva amuna anga akupuma pakati pa nyimbo. Koma mumtima ndimati ana inu simunamve kanthu. Ndayesapo kuwaimbira ndi pakamwa mmene dzanja lamanzere lija linkachitira, amangogwa nako kuseka. Ndidakalipo monga anandipempha, komabe chaka chilichonse ndimapeza kuti kachigawo kena ka nyimbo zawo kandithawa, ndipo palibenso amene ndingamufunse.