A Nthambi Zitatu a ku Chibavi

Kuno ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, a Herbert Chirambo timawatcha a Nthambi Zitatu. Amasoka nsapato pakhonde la sitolo ina pafupi ndi depoti, koma kale, dziko litangolowa m'ulamuliro wa zipani zambiri, mpingo wawo unawasankha kuti aziyenda m'madera kuphunzitsa anthu malamulo oyendetsera dziko omwe anali atangolembedwa kumene. Ntchitoyo inatha kalekale, koma pakamwa pawo sinathe. Ukawapititsira nsapato yoduka lamba, uzidziwiratu kuti ukakhala m'kalasi.

"Boma lili ndi nthambi zitatu, mwana wane," ankatero uku akukoka ulusi ndi mano. "Aphungu amapanga malamulo, pulezidenti ndi nduna amayendetsa dziko, makhoti amaweruza. Wina sangalamule mnzake. Constitution ili clear chomene."

Ine ndayandikana nawo nyumba kuyambira ndili mtsikana. Ndinkawaseka, koma ndinkawakonda.

Chaka china m'tauni munachitika zionetsero, masitolo n'kuswedwa. Apolisi anangotola aliyense amene anamupeza pasiteji ya njinga zamoto. M'gulumo munali Jordan, mwana yekhayo wa a Herbert, amene ankangodikira makasitomala.

Kunotu tili ndi njira yathu, ndipo sindikuinyadira. Mwana akagwidwa, umavala zovala za chipani cholamula, n'kupita kwa wapampando wa chipanicho m'dera, kukagwada. Iye amaimba foni. Makolo ena anachita zomwezo, ana awo n'kubwerako asanalawe n'komwe nyemba za m'chitokosi.

A Herbert anakana kwamtuwagalu.

"Wapampando wa chipani ndi ndani pamaso pa khoti?" anawafunsa akazi awo, a Lettie. "Mwanayu ngosalakwa. Amumasule ndi woweruza, dziko lonse limve. Ndikakagwada, ndiye kuti ndavomera kuti anaba."

Kukhoti Jordan anapitadi, koma anangomutumiza kundende kukadikira mlandu. Kenaka zinayambika zija timazidziwa tonse. Lero woimira boma pamlandu wasamutsidwa, ulendo wina mboni sizinabwere, ulendo winanso galimoto yotengera akaidi ilibe mafuta. A Herbert ankavala jekete yawo ya kutchalitchi, kukakhala pabenchi yakutsogolo, n'kubwerako ndi tsiku lina.

Mvula inatha, kuzizira kwa Mzuzu kunalowa. Jordan anayamba kutsokomola.

"Adada ŵa Jordan," a Lettie anakalipa tsiku lina, mpaka tonse tinamva kuseri kwa mpanda, "Constitution yanuyo ikumufunditsa mwana bulangeti? Anzake ali pa njinga, wanu akuwola!"

Pamenepo ine ndinali kumbali ya a Lettie, ndipo ndinawauza a Herbert pamaso kuti akuphetsa mwana ndi liuma lawo. Mpaka lero zimandipweteka kuti munthu yekhayo pakati pathu amene ankakhulupirira malamulo a dziko lino ndi amene tinamuyesa chitsiru.

Tsiku limene a Lettie anabwera kuchokera kundende atanyamula kansalu ka magazi amene Jordan anatsokomola, a Herbert anagogoda kwathu. Anabwereka malaya a chipani a amuna anga. Anali aakulu, ankawalendewera m'mapewa. Ndinawaperekeza.

Wapampandoyo, bambo wa msinkhu wa mwana wawo, anawasiya chigwadire pakhonde mpaka anamaliza kumwa tiyi. Kenaka anatenga foni, n'kuyankhula pang'ono akuseka.

"Basi adada, zatheka. Mukanabwera kale."

"Yewo chomene, bwana," anatero a Herbert, mawu ali pansi.

Mawa lake mlandu unathetsedwa. Jordan anafika ataonda ngati ndodo, akupuma movutikira. Anthu tinadzaza pabwalo kumulonjera, koma iye ankangoyang'ana bambo ake.

"Adada, ndiye nthawi yonseyi inkangofunika foni imodzi?"

A Herbert anavomera.

"Eya, mwana wane."

Jordan sanalowe n'komwe m'nyumba. Anapempha amayi ake kuti amuperekeze ku Masasa kwa amalume ake, akadwalire kumeneko.